Masiku Opatulika a Ayuda a ku Livingstone, ndi Tanthauzo Lace kwa Akristu

 Lero tikambe mbiri ya nyumba ina ya mu mzinda wa Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndi ya masiku opatulika amene anthu anali kusunga m'nyumbamo.

Nyumbayo iri pakati pa mzinda, ndipo tsiku Lamulungu mumasonkhana Akristu a mpingo wa Church of Christ. Koma munthu akayang'anitsitsa khoma lace lakumaso aona nyenyezi ya nsonga 6, imene anthu aicha Nyenyezi ya Davide. Amene anaiika pamenepo ndiwo Ayuda, pakuti nyumbayo anaimanga m'caka ca 1928 kuti ikhale sunagoge wao, woyamba m'dziko lonse limene pa nthawi ija linali kuchedwa Northern Rhodesia. Ambiri a ife tidziwa Ayuda a m'Buku Lopatulika okha, ndipo tiiwala kuti ena a mtundu womwewo anakhala nafe m'matauni athu, nagula ng'ombe za makolo athu, nalemba abale athu nchito. Caka ndi caka, m'nyengo ino ya dzuwa, iwo anali kusunga masiku amene tiwerenga m'buku la Levitiko, ndipo Mkristu amene sadziwa masikuwo aphonya zambiri za m'Cipangano Catsopano cimene ali naco m'manja.

Mmene Ayuda anafikira ku Zambezi

Dr. David Livingstone anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa Novembala 1855. Patapita zaka 50, m'caka ca 1905, ulalo wa njanji unatha kumangidwa kunsi kwa mathithiwo, ndipo Azungu amene anali kukhala ku Old Drift, m'mbali mwa mtsinje kumene malungo anali kupha anthu, anasamukira kumtunda kumene kuli mzinda lero. Kuyambira 1911 kufikira 1935 Livingstone ndiye anali likulu la Boma, lisanasamukire ku Lusaka.

Pakati pa alendo oyamba panali Ayuda ocokera ku Lithuania ndi maiko oyandikana nalo, amene anali pansi pa mfumu ya ku Russia. Kwaoko ambiri anali amphawi. Malamulo anali kuwaletsa kukhala kumene afuna, ndipo nthawi zina makamu a anthu anali kuwaukira. Abale awiri, Elie ndi Harry Susman, a m'mudzi wa Rietavas, anaoloka Zambezi m'caka ca 1901 napita ku Lealui kukagula ng'ombe kwa Alozi m'masiku a Litunga Lewanika. Ng'ombe zinali zosowa kumwera cifukwa ca mliri umene unazipha m'zaka za 1896 ndi 1897, pamene za m'cigwa ca Alozi zinapulumuka. Pambuyo pace abalewo anakhazikika ku Livingstone, ndipo ng'ombe zao zina zinayenda maulendo atali kukakhala ndiwo za anthu a ku migodi.

M'caka ca 1910 Ayuda a mu mzindawo, amene sanakwane 40, anapangana kukhala msonkhano umodzi wopemphera. Mwambo wao uti pemphero la msonkhano silicitika popanda amuna 10. Cifukwa cace Myuda wa sitolo ya kutali amayesetsa kufika ku tauni pa masiku akulu, kuti anzace asasowe wokwaniritsa ciwerengero. M'zaka za 1938 ndi 1939 kunabwera enanso othawa Hitler ku Germany. Amene anatsala ku Ulaya anaona zoopsa: kuyambira 1941 Ayuda oposa 9 mwa 10 ali onse a ku Lithuania anaphedwa, ndipo m'Ulaya monse anafa okwana 6 miliyoni. Amene anali kupemphera m'sunagoge wa ku Livingstone m'zaka zimenezo anali kupempherera abale ao amene makalata ao analeka kufika.

Musayese kuti onse anali a mtima umodzi pa nkhani za dziko lino. Malamulo a tsankho anawawerenga ngati Azungu, ngakhale Angelezi ambiri anali kuwapeputsa. Roy Welensky, amene atate wace anali Myuda, anali woyendetsa sitima ku Broken Hill, nakhala Nduna Yaikulu ya Citaganya kuyambira 1956 kufikira 1963. Simon Zukas, Myuda wobadwira ku Lithuania, anaima pamodzi ndi anthu akuda kukana Citaganya comweco, ndipo Boma linamcotsa m'dziko m'caka ca 1952; anabweranso dziko litalandira ufulu, nakhala nduna ya boma m'zaka za pambuyo pa 1991.

Pakati pa zaka za m'ma 1950 Ayuda anafika pafupi 1,200 m'dziko lonse, ndipo anali ndi masunagoge ku Lusaka ndi m'matauni a ku migodi monga Ndola, Kitwe, Mufulira ndi Luanshya. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Citapita caka ca 1964 ambiri anacoka, ndipo ku Livingstone kunatsala manda ao, nyumba zimene anamanga, ndi kanyumba kosungiramo mbiri yao kamene kanatsegulidwa m'caka ca 2013 pa bwalo losungirapo sitima zakale.

Mwezi wacisanu ndi ciwiri

Mutu 23 wa buku la Levitiko uchula nyengo zoikika za Israyeli. Zina zigwa kuciyambi kwa caka cao, ndipo zimenezo Akristu tizidziwa bwino, cifukwa Paskha ndi Pentekoste zinalowa m'kalendala ya Mpingo. Zitatu zotsiriza zigwa m'mwezi wacisanu ndi ciwiri, umene Ayuda aucha Tishri. Tsiku loyamba la mweziwo ndilo la kuliza lipenga. Tsiku la 10 ndilo Tsiku la Citetezero. Ndipo pa tsiku la 15 ayamba madyerero a misasa, a masiku 7, ndi tsiku linanso lotsekera. Popeza Ayuda awerenga miyezi poyang'ana mwezi wa kumwamba, masikuwa sakhala pamodzimodzi pa kalendala yathu, koma agwa nthawi zonse m'Seputembala kapena m'Okutobala. Ku Ulaya imeneyo ndi nyengo imene masamba ayoyoka ndi cisanu ciyandikira. Kwathu kuno ndiyo nyengo ya kutentha kwakukulu, pamene chire lapsa ndipo anthu alikusosa minda.

Tsiku la lipenga

Tsiku loyamba Ayuda alicha Rosh Hashanah, ndiko kunena Mutu wa Caka, pakuti pa tsikulo ayamba kuwerenga caka catsopano. Lipenga lao si lacitsulo monga la asilikari. Ndi nyanga ya nkhosa yamphongo, imene aicha shofar, ndipo kulira kwace nkosakoma m'makutu. Ailiza kufikira ka 100 pa tsiku limodzi. Inu a ku migodi mudziwa lipenga limene lidzutsa anthu a shifiti ya mamawa. Silifunsa ngati munthu wagona mokwanira. Nyanga ija nchito yace ndi yomweyo, koma idzutsa mtima. Aphunzitsi ao akale anati pa tsikuli anthu onse apita pamaso pa Mulungu mmodzi mmodzi, monga nkhosa potuluka m'khola, ndipo munthu apatsidwa masiku 10 kuti akonze njira zace lisanafike Tsiku la Citetezero. Kunyumba adya cipatso coviika m'uci, kupempha kuti caka cikhale cozuna, ndipo ena apita kumtsinje kukapemphera kuti Mulungu ataye macimo ao m'madzi akuya.

Pa madyerero amenewa awerenga nkhani ya Abrahamu ndi Isake, mmene Mulungu anaperekera nkhosa yamphongo yokodwa ndi nyanga zace m'ciyangoyango kuti ife m'malo mwa mwanayo. Kuyambira kale Akristu aona m'nkhani iyi cithunzi ca Kristu, pakuti Isake anasenza nkhuni za nsembe yace monga Yesu anasenza mtanda wace, ndipo nkhosa inafa kuti wina akhale ndi moyo. Lipenga nalonso libweranso m'Cipangano Catsopano. Paulo, polembera Akorinto ndi Atesalonika, anena kuti akufa adzaukitsidwa pa kulira kwa lipenga lotsiriza. Polemba cotero sanali kuganiza za lipenga la asilikari a Roma lokha. Anali Myuda woleredwa ndi kulira kwa nyanga imene iitana anthu kukaonekera pamaso pa Mfumu. Komatu tisapitirize zimene zinalembedwa. Palibe pamene Cipangano Catsopano cinena kuti Ambuye adzabwera pa tsiku loyamba la mwezi uno, ndipo Yesu mwini anati tsikulo palibe munthu alidziwa.

Tsiku la Citetezero

Tsiku la 10 alicha Yom Kippur, ndipo ndilo lopatulika koposa onse. Kuyambira dzuwa lisanalowe kufikira nyenyezi zitaoneka mawa lace, maora 25, Myuda wamkulu msinkhu sadya kanthu, samwa ngakhale dontho la madzi, sasamba, ndipo sagwira nchito. Taganizani kusala kotero ku Livingstone m'mwezi wa Okutobala, pamene mcenga utentha mapazi ndi malata a denga alikuthetheka. Wosunga mwambo atseka sitolo yace tsiku lonse, cingakhale tsikulo ndi la malonda ambiri.

Mutu 16 wa Levitiko ufotokoza zimene zinali kucitika kale. M'kati mwa Kacisi munali cipinda cobisika ndi nsaru yocinga, Malo Opatulikitsa, mmene simunali kulowa munthu. Pa tsiku ili lokha mkulu wa ansembe anali kubvula zobvala zace zaulemerero, nabvala bafuta woyera, nalowamo ndi zofukiza ndi mwazi. Anali kuyamba ndi nsembe ya macimo ace a iye mwini, pakuti iyenso anali munthu. Pamenepo anabwera nazo mbuzi ziwiri nazicitira maere. Ina anaipha, nawaza mwazi wace m'kati mwa nsaru yocinga. Pamutu pa inzace anasanjika manja ace onse awiri, naulula mphulupulu zonse za anthu, ndipo munthu wina anaitsogolera kucipululu kumene kulibe mudzi, kuti isabwerenso.

Kalata wa kwa Ahebri, makamaka mitu 9 ndi 10, ndiye ulaliki wa tsiku limeneli. Wolembayo ati mkulu wa ansembe anali kulowa caka ndi caka, ndi mwazi umene sunali wace, ndipo kubwereza komweko kunasonyeza kuti nchito sinathe. Koma Kristu analowa kamodzi kokha, m'malo opatulika a Kumwamba, ndi mwazi wa iye mwini. Akumbutsanso kuti matupi a nyama za nsembe imeneyi anali kuwatentha kunja kwa cigono, ndipo Yesu anamva zowawa kunja kwa cipata ca mzinda. Tikawerenga kuti nsaru yocinga ya m'Kacisi inang'ambika pamene Yesu anafa, tidziwe kuti ndi nsaru yomwe ija imene munthu mmodzi yekha anali kupyola kamodzi pa caka. Munthu amene sadziwa za mbuzi ziwiri ndi za nsaruyo awerenga Ahebri monga woona gule kutali osamva ng'oma.

Aroma anapasula Kacisi wa ku Yerusalemu m'caka ca 70, ndipo kuyambira pamenepo Ayuda sapereka nsembe za nyama. M'sunagoge wa ku Livingstone simunaphedwe mbuzi. M'malo mwa nsembe aphunzitsi ao anaika kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka, ndipo analemba lamulo limene ife tonse tiyenera kulimva. Anati Tsiku la Citetezero lifafaniza zimene munthu anacimwira Mulungu, koma zimene anacimwira mnzace silizifafaniza kufikira atapita kukampepesa mnzaceyo. Cifukwa cace m'masiku 10 aja Myuda ayendera amene anakangana nao, nabweza zimene anatenga. Yesu anaphunzitsa cimodzimodzi m'mutu 5 wa Mateyu, kuti wobwera ndi mtulo ku guwa la nsembe, akakumbukira kuti mbale wace ali naye cifukwa, ayambe wapita kukayanjana naye. Makolo athunso sanali kuthira nsembe pamodzi ali ndi mangawa m'mimba. Anali kuyamba akhala pansi ndi kupepesana.

Pali cinanso cimene cikhudza inu anchito. M'mawa wa tsikulo awerenga mneneri Yesaya, mutu 58, pamene Mulungu akana kusala kudya kwa anthu amene alikupsinja anchito ao pa tsiku lomwelo, nanena kuti kusala kumene iye afuna ndiko kumasula omangidwa ndi kugawira anjala cakudya. Mwini sitolo ndi mwini ng'ombe anali kumva mau amenewa caka ndi caka, ali ndi njala ndi ludzu, pamene anchito ao analikukhala ku Maramba ndi ku Libuyu. Ena anawasunga mumtima, ena anawaiwala pofika pakhomo la sitolo, monga ifenso ticita ndi ulaliki wa Lamulungu. Levitiko 25 aonjeza kuti caka ca 50 ciri conse, pa Tsiku la Citetezero lomweli, lipenga lilire m'dziko lonse kulalikira ufulu, kuti akapolo amasuke ndi minda ibwerere kwa eni ace. M'cilamulo ca Mose kukhululukidwa kwa macimo ndi kumasulidwa kwa wosauka zinaikidwa pa tsiku limodzi.

Madyerero a misasa

Atapita masiku 5 kulira kusanduka cimwemwe. Madyerero a misasa Ayuda awacha Sukkot. Banja liri lonse limanga msasa panja pa nyumba, wa denga la nthambi zoyalidwa motalikirana kuti usiku munthu aone nyenyezi, ndipo adyeramo masiku 7. Ena agonamo ndithu. Atero kukumbukira zaka 40 zimene makolo ao anakhala m'cipululu atatuluka m'Aigupto. Popemphera anyamula nsomo ya kanjedza, nthambi za mitengo ina iwiri, ndi cipatso conga ndimu yaikulu. Pa madyerero amenewa ndi pamene Solomo anapatula Kacisi, ndipo m'masiku a Ezara ndi Nehemiya anthu obwera kucokera ku ukapolo wa ku Babulo anamanga misasa pa matsindwi ndi m'mabwalo a Yerusalemu.

Ife msasa sitiufunsa kwa munthu. Makolo athu amene anayenda pansi kucokera ku Fort Jameson ndi ku Nyasaland kunka ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni anagona m'misasa ya m'njira. Amene anafika ku migodi m'masiku a atsamunda anapeza kuti nyumba ya m'komboni inali yao pokhapo ali pa nchito. Tikiti ikatha, nyumbanso yatha. Lamulo la misasa liuza munthu wa nyumba ya njerwa kuti aturuke, akhale sabata imodzi monga mlendo, akumbukire kuti cimene cimsunga si khoma lace. Kwa Ayuda a ku Livingstone, amene anasiya kwao kuseri kwa nyanja ndipo ana ao anadzacokanso, phunziro limeneli linali la moyo wao weniweni.

Paulo, amene nchito yace ya manja inali kusoka mahema, ayerekeza thupi lathu ndi msasa umene udzapasuka, pamene nyumba yokhalitsa iri kwa Mulungu. Ndipo m'mutu woyamba wa Yohane, ponena kuti Mau anakhala pakati pathu, liu la Cigriki limene mlembi anasankha ndilo la kumanga hema. Kwa Mkristu tanthauzo lace ndi lakuti Mwana wa Mulungu anadza kudzagona m'msasa pamodzi ndi apaulendo. Buku la Cibvumbulutso nalonso lionetsa cithunzi comweco: khamu la mitundu yonse lonyamula nsomo za kanjedza, ndi cihema ca Mulungu ciri pakati pa anthu.

Pemphero la mvula

Tsono tifike pa cinthu cimene ife a kuno tingacimve kuposa Akristu a ku Ulaya. M'dziko la Israyeli mvula sigwa kuyambira Meyi kufikira Seputembala. Madyerero a misasa afika zitsime zitaphwa, anthu atatha kukolola mphesa ndi nkhuyu, maso onse ali kumwamba. M'masiku a Kacisi, m'mawa uli wonse wa madyererowo, wansembe anali kutsikira ku thamanda la Siloamu, natunga madzi m'mtsuko wagolidi, nakawathira pa guwa la nsembe anthu alikuyimba. Ndipo usiku anali kuyatsa nyali zazikulu m'bwalo la Kacisi. Kufikira lero, pa tsiku lotsekera madyerero, Ayuda a m'maiko onse apemphera pemphero la mvula.

Ku Lithuania pempherolo linali la dziko lakutali, pakuti kumeneko nthawi imeneyo kuli kale cinyezi ndi kuzizira. Koma ku Livingstone linagwa pa nthawi yace yeniyeni, monga ku Yerusalemu. M'Okutobala Zambezi acepa, utsi wa Mosi-oa-Tunya umene uoneka kutali m'mwezi wa Epulo utsika, ndipo mbali yaikulu ya mathithi ya ku tsidya lathu isanduka thanthwe louma. Ndiyo nyengo imene Atonga ndi Aleya akonzekera kupempha mvula pa miyambo yao ya lwiindi, ndi imene Acewa akale anali kutumiza nsembe ku Msinja kwa Makewana. Myuda m'sunagoge ndi mlimi wa kwa Mukuni analikuyang'ana mtambo umodzi. Kusiyana kunalipo pa zokolola zokha, pakuti ife tikolola m'Meyi ndi m'Juni.

Tsegulani tsono mutu 7 wa Yohane. Mlembi anena poyera kuti anali madyerero a misasa, ndi kuti pa tsiku lotsiriza, lalikulu la madyererowo, Yesu anaimirira napfuula kuitana ali yense wakumva ludzu kuti adze kwa iye adzamwe, nalonjeza mitsinje ya madzi amoyo, ndiwo Mzimu Woyera. Ananena izi kwa anthu amene sabata yonse anaona madzi a ku Siloamu alikuthiridwa pa guwa, anthu amene mitima yao inali pa mvula. M'mutu wotsatira adzicha kuunika kwa dziko lapansi, m'Kacisi momwemo mmene munayaka nyali zija. Ndipo m'mutu 9 atuma munthu wosaona kukasamba ku Siloamu. Mneneri Zekariya, m'mutu wace wotsiriza, anali ataneneratu kuti mitundu yonse ya anthu idzakwera ku Yerusalemu kukasunga madyerero a misasa, ndi kuti mtundu wokana sudzalandira mvula. Mwa madyerero onse a Israyeli, amenewa ndiwo anaitanirako anthu akunja monga ife.

Mmene Mpingo unacitira ndi masikuwa

Wina adzafunsa kuti, nanga Akristu tilekeranji kuwasunga? Atumwi, pokhala Ayuda, anawadziwa bwino. M'mutu 27 wa Macitidwe Luka awerenga nyengo yoopsa ya panyanja ponena kuti tsiku la kusala linali litapita. Koma msonkhano wa ku Yerusalemu, wa m'mutu 15, sunasenzetse Akristu a mitundu ina cilamulo conse ca Mose, ndipo Paulo anauza Akolose kuti munthu asawaweruze pa nkhani ya madyerero. Cotero Mkristu sakakamizidwa kumanga msasa kapena kuliza nyanga.

Ngakhale ziri tero, masikuwa anakopabe Akristu. Ku Antiokeya, m'zaka za 386 ndi 387, ambiri anali kupita ku sunagoge kukamva lipenga ndi kuona misasa, ndipo mlaliki wochuka John Chrysostom anawadzudzula ndi maulaliki aukali amene ananyoza Ayuda koopsa. Mau otere, obwerezedwa zaka mazana ambiri, anathandiza kubzala udani umene unabala zipatso zowawa ku Ulaya. Mipingo yambiri inazindikira zimenezi nkhondo ya Hitler itatha, ndipo m'caka ca 1965 msonkhano waukulu wa Akatolika ku Roma unalengeza kuti imfa ya Yesu isawerengedwe mlandu wa Ayuda onse, a nthawi ija kapena a lero.

Ena anatenga masikuwa ngati cowerengera nthawi ya cimaliziro. Ku America otsatira a William Miller anayembekeza kubwera kwa Ambuye pa 22 Okutobala 1844, tsiku limene anawerenga kuti ndilo la Citetezero caka cimeneco. Tsikulo linapita, ndipo ambiri anagwa mphwayi. Ena mwa iwo anaphunzitsa pambuyo pace kuti pa tsikulo Kristu anayamba gawo lotsiriza la nchito yace ya unsembe m'malo opatulika a Kumwamba, ndipo mwa amenewa munacokera mpingo wa Seventh-day Adventist, umene W. H. Anderson anafika nao ku Rusangu, pafupi ndi Monze, m'caka ca 1905. Cotero ciphunzitso ca Tsiku la Citetezero cinalowa m'dziko la Atonga m'nyengo yomweyo imene anali kufika amalonda a Ciyuda. Kuyambira 1980 kulinso Akristu a maiko ambiri, a m'Afrika pamodzi, amene apita ku Yerusalemu caka ndi caka kukakondwera pa madyerero a misasa.

Pa zonsezi tisunge cenjezo la Paulo m'mutu 11 wa Aroma. Ayerekeza Israyeli ndi mtengo wa azitona, ndi ife a mitundu ina ndi nthambi zakuthengo zolumikizidwa pa mtengowo, natiletsa kudzitama pa nthambi zinzathu, pakuti muzu ndiwo utinyamula. Mkristu ali ndi ufulu wa kuona Kristu m'nkhosa ya Abrahamu, m'mbuzi ziwiri ndi m'madzi a ku Siloamu, cifukwa atumwi anamuona momwemo. Koma akumbukire kuti masikuwa ali ndi eni ace amene awasungabe kufikira lero, ndi kuti Myuda posala pa Yom Kippur alikufuna cikhululukiro ca Mulungu ndi mtima woona, monga anaphunzitsidwa ndi makolo ace. Wolowa m'nyumba imene anamanga wina satukwana mmisiri. Akristu a ku Livingstone anasiya nyenyezi ija pa khoma, ndipo anacita bwino.

Tsono abale, m'masabata ano pamene tilikudikira mvula yoyamba, patulani madzulo amodzi muwerenge Levitiko 16 pamodzi ndi Ahebri 9, ndi madzulo ena Levitiko 23 pamodzi ndi Yohane 7, ndipo mudzaona nokha mmene mitu imeneyi iyankhirana. Ngati pali mnansi amene simulankhulana naye, kapena wanchito amene simunamlipire zace, kapena ngongole imene mwaikhalira cete, musadikire Khirisimasi. Myuda anali kupatsidwa masiku 10 okha. Ndipo inu amene mudzafika ku Livingstone, mutatha kuona mathithi, pitaninso ku manda a Ayuda, mukaone miyala yolembedwa m'Cihebri ya anthu amene anapempha mvula pamodzi ndi makolo athu.